Code yadutsa koma pulogalamu ikukana kudzuka: zomwe ndinakumana nazo pakati pa Ngabu ndi Bangula

Kuno kuchigwa, kompyuta ikangoyamba makani, mankhwala omwe aliyense amakupatsa ndi amodzi: fufutani zonse muikenso. Ukapita nayo kwa anyamata okonza mafoni pamsika, iwo amaonjeza moto, amati tiipange format basi. Malangizo otere amatuluka msanga pakamwa pa munthu amene sakugulira bandulo. Compiler pamodzi ndi pulogalamu yolemberamo code ndi ma MB opitirira 100, netiweki imaduka uli pakati, magetsi amathima usanamalize, ndiye ukaikanso n'kupeza vuto lili pompaja, mtima umawawa kawiri. Mavuto ambiri a pulogalamu yokana kuyenda omwe ine ndakumana nawo sanafune kutsitsa kanthu pa intaneti. Anafuna kuti ndiwerenge zomwe makina akunena, n'kuwafunsa timafunso tomwe yankho lake ndi laulere.

Ndimakhala ku Ngabu. Ntchito yanga yeniyeni ndi kulemba mabuku a malume anga, omwe amagula chitowe ndi mapira kwa alimi ndipo ali ndi kashopu ku Bangula. Za code ndimaphunzira madzulo, dzuwa likapepuka, pa laputopu yakale yogula kwa munthu. Ndinalemba kapulogalamu ka C++ kosavuta: ulowetsa dzina la mlimi ndi makilogalamu, iko kachotsa kulemera kwa thumba, kawerengetsa ndalama n'kusunga zonse mu fayilo. Ndinakatcha malonda. Zonse ndikufotokoza apazi ndinazidziwa chifukwa cha kapulogalamu kameneka.

Timvane kaye chinthu chimodzi. Pakati pa code yanu ndi pulogalamu yoyenda pali antchito atatu. Compiler imatenga zomwe mwalemba n'kuzisandutsa chinenero cha makina. Linker imalumikiza zidutswazo ndi zina zomwe code yanu yabwereka, n'kutulutsa fayilo ya exe. Awiriwa ntchito yawo imathera pomwepo. Mukadina fayiloyo, amene amainyamula, kuisakira zonse zomwe ikudalira ndi kuiyambitsa ndi Windows. Ndiye mukaona kuti compile yadutsa popanda error koma pulogalamu siikuyenda, kubwerera ku code n'kuyamba kusuntha ma semicolon ndi kudzitopetsa chabe. Funsani kaye ngati exe yake ilipodi. Tsegulani foda ya code yanu, pamwamba pomwe pamaoneka adiresi ya foda mulembepo cmd n'kudina Enter, kenako m'kazenera kakudako mulembe dir. Muone dzina la fayilo, muonenso tsiku ndi nthawi zomwe zili pambali pake. Ngati simunauze compiler ya gcc (ya C++ imatchedwa g++) dzina pogwiritsa ntchito -o, fayilo imatuluka ndi dzina loti a.exe pa Windows, a.out pa Linux, ndipo anthu ambiri amaisaka ili pamaso pawo.

Pali timavuto ta masiku oyamba tomwe sindichedwapo. Cmd ikanena kuti g++ "is not recognized as an internal or external command", ndiye kuti foda ya bin ya compiler yanu mulibe mu PATH, womwe ndi mndandanda wa mafoda omwe Windows imayang'anamo mukatchula dzina la pulogalamu. Ionjezereni mu Environment Variables, kenako tsekani cmd n'kutsegula ina, chifukwa yotsegula kale imakhala ikugwirabe mndandanda wakale. Potsitsa Code::Blocks, pulogalamu yolemberamo code, tengani fayilo yomwe m'dzina mwake muli mawu oti mingw, dzina la gcc ya pa Windows. Inayo imabwera yopanda compiler. Mu PowerShell, kazenera kena kolembamo malamulo ngati cmd, komwenso kamatseguka m'munsi mwa VS Code (pulogalamu ina yolemberamo code), kulemba malonda.exe sikukwanira, imafuna .\malonda.exe, ndipo pa Linux ndi ./malonda. Kazenera kakuda kakangothwanima n'kuzimiririka mutadina kawiri, pulogalamu yanu yayenda, yamaliza, yatseka yokha; iyendetseni muli mu cmd muone zomwe yalemba. Linker ikadandaula za "undefined reference to WinMain", kawirikawiri fayilo simunaisunge ndipo compiler yawerenga pepala lopanda kanthu. Mu VS Code kadontho pafupi ndi dzina la fayilo pamwambapo ndiko kakukuuzani zimenezo. Ikanena kuti "cannot open output file" pamodzi ndi "Permission denied", pulogalamu yomwe munayendetsa poyamba ikadali moyo kumbuyo, mwina ikudikira kuti mulowetse nambala. Itsekeni mu Task Manager, chifukwa Windows silola kulemba pamwamba pa exe yomwe ikuyenda.

Lomwe linandidya mutu ndi lina. Pa laputopu yanga, ndikadina F9 mu Code::Blocks, batani lopanga compile n'kuyendetsa pulogalamu, pulogalamu inkayenda myaa. Ndinakopera malonda.exe pa flashi n'kupatsira kondakitala wa minibasi wodziwana naye kuti akasiye kwa malume ku Bangula, komwe kuli desktop yomwe amalembera malisiti. Madzulo foni inalira.

"Aphwanga, chinthu chanu chija chikukana. Chikungotulutsa kabokosi ka mtanda wofiira."

"Tandiwerengereni, malume, zomwe zalembedwa m'kabokosimo."

"Aa, ndatseka kale. Ndi Chizungu chambirimbiri."

Ambiri timasochera pomwepa. Kabokosi kaja ndi mboni yokhayo yomwe yaona zomwe zachitika, koma dzanja limathamangira kukatseka tisanawerenge. Ndinawapempha kuti adinenso, ajambule ndi foni anditumizire pa WhatsApp. Mwa njira, ngati kompyuta ili pamaso panu simufunikanso kujambula: kabokosi ka uthenga ka Windows kakatuluka, kudina Ctrl ndi C kumakopera mawu onse ali m'menemo. Chithunzi cha malume chinabwera chopendekeka, chala chawo chitaphimba ngodya, koma chinkawerengeka: "The code execution cannot proceed because libstdc++-6.dll was not found. Reinstalling the program may fix this problem." Chiganizo chachiwiricho n'chimene chimatumiza anthu kukagula bandulo. Pulogalamu yomwe mwalemba nokha ilibe choti muikenso.

Nkhani yake ndi iyi. Pulogalamu ya C++ yogwiritsa ntchito cout, string kapena vector siinyamula zonse m'thupi mwake. Mbali yaikulu ya ntchitoyo imakhala m'mafayilo a DLL omwe amabwera ndi compiler. Kwa ife a MinGW ya 64-bit, kawirikawiri amakhala atatu: libstdc++-6.dll, libgcc_s_seh-1.dll ndi libwinpthread-1.dll. Chomwe chinapita ku Bangula ndi ngolo, ng'ombe zokoka zinatsala m'khola ku Ngabu. Kwa ine zinkayenda chifukwa Code::Blocks, ikamayendetsa pulogalamu yanu, imaonjezera yokha foda ya compiler pa PATH. Nthawi imeneyo foda imeneyi ndinali ndisanaiike mu PATH ya kompyuta yonse, moti nditayesa kudina exe yomweyo kunja kwa Code::Blocks, pa laputopu yanga yomwe, kabokosi ka malume kanatulukanso. Dziwaninso kuti mukadzaika compiler mu PATH, kompyuta yanu imayamba kukubisirani vuto limeneli: kwanu zonse ziyenda, kwa mnzanu zikana. Izi zikufotokozanso chifukwa chomwe kapulogalamu ka C ka printf kamayenda pafupifupi paliponse pomwe ka C++ kakukana. Ka C kaja, kakapangidwa ndi MinGW yakale, kamangodalira KERNEL32.dll ndi msvcrt.dll, zomwe zimabwera ndi Windows yomwe.

Simufunika kulosera kuti exe yanu ikudalira chiyani. Mu foda ya bin ya compiler muli kachida kotchedwa objdump, ndipo mzere uwu umatchula ma DLL onse omwe exe ikufuna:

objdump -p malonda.exe | findstr /C:"DLL Name"

Masiku ano ndimaulemba ndisanatumize kalikonse kwa munthu. Ndikaona dzina loyamba ndi lib, ndimadziwa kuti kwa mwiniwakeyo kulibe.

Ndisanatumize chokonza, malume anali ataitana kale mnyamata wa pashopu yosindikiza mapepala pafupi nawo. Mnyamatayo ndi wochangamuka, ndipo anachita zomwe ambiri akanachita: anafufuza dzina la DLL lija pa intaneti, n'kutsitsa pa tsamba lina lomwe limagawa mafayilo otere, n'kuponya mu foda ya System32. Dzina lililonse lomwe kabokosi kankatchula, iye ankatsitsa. Kenako uthenga unasintha, unayamba kunena kuti "The application was unable to start correctly", pamodzi ndi nambala yoti 0xc000007b. Malume anaimbanso, mawu atakwera pang'ono.

"Aphwanga, tsopano chikutchula manambala. Kodi simunandiphere kompyuta?"

"Ayi malume, kompyuta ili bwino. Mungomuuza mnyamatayo asaikemonso china, ndibwera ndekha Loweruka."

Nambala ya 0xc000007b pafupifupi nthawi zonse imatanthauza kuti 64-bit yakumana ndi 32-bit. Exe yanga inali ya 64-bit, DLL yomwe mnyamata anatsitsa inali ya 32-bit, ndipo Windows siingazikwatitse. Chosokoneza china n'chakuti pa Windows ya 64-bit, foda ya System32 ndi yomwe imasunga ma DLL a 64-bit, pomwe a 32-bit amakhala mu SysWOW64. Munthu wongoyang'ana mayina aika mosemphanitsa. Maganizo anga pa masamba ogawa DLL ndi achidule: musayandikireko. Ngakhale mutapeza ya ma bit oyenera, iyenera kugwirizana ndi compiler yomwe inapanga exe yanu, ndipo simudziwa kuti amene anaika fayiloyo pa tsambalo anaphatikizamo chiyani. Ma DLL oyenera ali kale pa kompyuta yanu, mu foda ya bin ya compiler. Nditafika ku Bangula, ntchito yoyamba inali kuchotsa mu System32 mafayilo omwe mnyamata uja anaikamo, ndipo ubwino wake iye ankakumbukira mayina ake. Musafufute china mu foda imeneyo chomwe simunaikemo nokha.

Njira zokonzera ndi ziwiri. Mutha kukopera ma DLL atatu aja n'kuwaika mu foda imodzi ndi exe, poti Windows imayamba kuyang'ana mu foda ya pulogalamuyo isanapite ku mafoda ake ndi ku PATH. Kapena mutha kuuza linker kuti ilowetse zonse m'kati mwa exe:

g++ malonda.cpp -o malonda.exe -static

Mu Code::Blocks mawu oti -static amalembedwa mu Project, Build options, Linker settings, m'kabokosi ka Other linker options. Mudzaona ena akulangiza -static-libgcc ndi -static-libstdc++. Amenewa amagwira, koma pa ma compiler ambiri a MinGW amasiya libwinpthread-1.dll panja, ndiye munthu amadabwa kuti kabokosi kabweranso ndi dzina lina. Exe ya -static imanenepa, imachoka pa ma KB n'kufika pa ma MB, koma mukaonjezera -s imaphwa ndithu. Ine ndinasankha -static pa chifukwa chomwe sichili m'buku lililonse: malume akaona fayilo yomwe sakuidziwa pa flashi amaifufuta kuti apeze malo oika nyimbo za kwaya. Fayilo imodzi ndi yosavuta kuisamala kuposa zinayi.

Mbiri ya kapulogalamuka inawoloka Shire. Mlembi wa kalabu ina ya alimi cha ku Makhanga anapempha kuti naye ayesere, ndipo ndinamutumizira exe yomweyo ya -static ndili ndi chikhulupiriro chonse. Yake inali laputopu ya Windows 7, ndipo inamuuza kuti mtundu wa fayiloyi sukugwirizana ndi mtundu wa Windows womwe akugwiritsa ntchito. Pa Windows 10 uthenga wake umakhala woti "This app can't run on your PC". Ndinamuuza kuti adine kumanja pa Computer, asankhe Properties, andiwerengere mzere wa System type. Unali wa 32-bit. Makompyuta otere akadalipo ambiri m'maofesi ang'onoang'ono ndi m'matchalitchi kuno, ngakhale Microsoft inasiya kuthandiza Windows 7 mu Januwale 2020. Lamulo lake ndi la mbali imodzi: Windows ya 64-bit imayendetsa mapulogalamu a 32-bit, koma ya 32-bit siingayendetse a 64-bit. Ndiye ngati pulogalamu yanu izidzayenda m'manja mwa anthu omwe makompyuta awo simukuwadziwa, ipangeni ya 32-bit, ikwana konsekonse.

Kuti mudziwe zomwe compiler yanu imatulutsa, lembani gcc -dumpmachine. Ikayankha x86_64-w64-mingw32 ndi ya 64-bit, ikayankha i686-w64-mingw32 ndi ya 32-bit. Yang'anani koyambirira kwa yankholo, 32 wa kumapetoyo amakhalapo pa onse awiri. Mudzamva za -m32, koma compiler zambiri za 64-bit za pa Windows sizibwera ndi zipangizo za 32-bit, ndiye linker imangokana. Apa pokha ndi pomwe ndinagula bandulo mosadandaula, n'kutsitsa compiler ya 32-bit usiku, netiweki itapepukidwa. Kwa omwe akulembera Windows 7 pali msampha winanso. Compiler zatsopano, monga ya UCRT64 ya MSYS2, zimatulutsa exe yodalira Universal C Runtime, yomwe ili kale mu Windows 10 ndi 11 koma mu Windows 7 imalowa ndi update ya KB2999226. Ikasowa, kabokosi kamatchula api-ms-win-crt-runtime-l1-1-0.dll, ndipo -static siithandiza pamenepa. Compiler yakale, monga GCC 8.1.0 yomwe imabwera ndi Code::Blocks 20.03, ilibe vuto limeneli poti imadalira msvcrt.dll. Chatsopano sichikhala chabwino nthawi zonse kwa munthu amene makasitomala ake ali ndi makina akale.

Mavuto onse ndatchulawa anali ndi ulemu, ankabwera ndi uthenga. Loipa kwambiri ndi lomwe limangokhala chete. Nditasamukira ku VS Code ndi compiler yatsopano ya MSYS2, ndinalemba kapulogalamu kena koyesera, compile inadutsa, ndinalemba .\yesero.exe n'kudina Enter. Palibe chinatuluka. Popanda kabokosi, popanda error, mzere unangobwerera kudikira lamulo lina. Ndinaika cout pa mzere woyamba weniweni wa main, koma ngakhale imeneyo sinalembe kanthu. Chizindikiro chimenechi muchigwire: mzere woyamba wa main ukapanda kuyenda, pulogalamu yafera pakhomo, code yanu siinakhudzidwe n'komwe.

Pulogalamu iliyonse ikamatha imasiya nambala. Mu PowerShell mumaiona polemba $LASTEXITCODE, mu cmd polemba echo %errorlevel%, ndipo Code::Blocks imailemba yokha pa mzere wa "Process returned". Ziro ndiye kuti zatha bwino. Yanga inali -1073741511. Nambala zazitali zoyamba ndi -10737 ndi mauthenga a Windows omwe alembedwa m'manambala wamba. Mukatsegula Calculator, n'kusankha Programmer, n'kulowetsa nambalayo, zilembo zisanu ndi zitatu zomaliza pa mzere wa HEX ndizo dzina lake lenileni. Yangayo inatuluka C0000139, kutanthauza kuti DLL yapezeka koma mulibe ntchito yomwe exe ikuifuna m'menemo. Zinzake zomwe ndinaziloweza ndi izi: -1073741515 ndi C0000135, DLL yasowa, lija la malume, -1073741701 ndi C000007B, lija la mnyamata wosindikiza. Koma mukaona -1073741819, yomwe ndi C0000005, pamenepo bwererani ku code. Pulogalamu yayamba kuyenda ndipo yagwira memory yosakhala yake: mwina scanf yopanda chizindikiro cha &, mwina mwapyola malire a array, mwina pointer yosaloza kulikonse. Nambala imeneyi ndi malire pakati pa vuto la makina ndi vuto la wolemba.

DLL yapezeka koma ndi yolakwika. Ndiye yapezeka kuti? Funso limeneli lili ndi lamulo lake:

where.exe libstdc++-6.dll

Mu cmd mutha kungolemba where, koma mu PowerShell mawu amenewo ali ndi ntchito ina, n'chifukwa chake muonjezere .exe. Kwa ine inatulutsa mizere iwiri. Pamwamba panali foda ya MinGW yakale ija ya Code::Blocks, yomwe ndinali nditaiika mu PATH pambuyo pa nkhani ya ku Bangula. Pansi pake panali C:\msys64\ucrt64\bin. VS Code inkaitana compiler yatsopano ndi adiresi yake yonse, monga zinalembedwera mu tasks.json, fayilo yomwe imauza VS Code mmene ipangire compile, ndiye exe inkapangidwa ndi yatsopano. Koma poyendetsa, Windows inkatsika mndandanda wa PATH kuchokera pamwamba, n'kutola DLL yoyamba kukumana nayo, yomwe inali ya compiler yakale. Ndikanafufuta MSYS2 n'kuitsitsanso, ndikanawononga ma MB mazanamazana vuto lili chikhalire, chifukwa MSYS2 inalibe mlandu.

Kukonza kwake ndi batani la Move Up mu Environment Variables, kapena kuchotsamo foda yakaleyo. Koma samalani, PATH ilipo iwiri: ya User pamwamba pa zeneralo ndi ya System pansi pake. Windows imaziphatikiza poyamba ndi ya System. Ngati foda yakale ili mu System, mutha kukweza yatsopano mu User mpaka pamwamba penipeni osasintha kanthu. Si compiler zokha zomwe zimabwera ndi libstdc++-6.dll, mapulogalamu ena opangidwa ndi MinGW amanyamula yawo, ndipo ena amadziika okha mu PATH. Muzilembanso where.exe g++ nthawi ndi nthawi, kuti mudziwe compiler yomwe ikuyankha mukaitana.

Tsopano lina lomwe sindinalionepo likufotokozedwa ndi anthu a kunja, mwina poti kwawo magetsi sathimathima. Mtengo wa chitowe unasintha, ndinausintha mu code, n'kudina F9. Pulogalamu inayenda, koma inawerengetsa ndi mtengo wakale. Ndinayang'ananso code, nambala yatsopano ili pomwepo. Mu Build log munalembedwa kuti "Target is up to date" ndi "Nothing to be done". Inali nthawi ija siteshoni yopanga magetsi ya Kapichira itawonongeka ndi namondwe wa Ana mu Januwale 2022, magetsi akuthima maola ambirimbiri. Laputopu yanga batire yake yaikulu inafa kalekale, imayaka ikakhala pamagetsi basi. M'kati mwa kompyuta muli kabatire kena kakang'ono kozungulira, kawirikawiri ka CR2032, komwe kamayendetsa wotchi makina akazima. Nako kanali katatha. Magetsi akathima, deti inkabwerera zaka zambiri m'mbuyo, ndipo poti intaneti ndimaitsegula pokhapokha ndikaifuna, Windows inalibe poti ikonzere wotchiyo.

Code::Blocks, make ndi zida zina zotere sizipanga compile chilichonse nthawi zonse. Zimayerekeza nthawi yomwe fayilo ya code inasungidwa ndi nthawi ya fayilo yomwe zinapanga kale. Code ikaoneka yakale kuposa zomwe zilipo, zimati palibe chasintha. Fayilo yomwe ndinasunga m'mawa womwewo inali ndi deti ya zaka zapitazo, choncho exe ya mwezi wathawo inkaoneka yatsopano. N'chifukwa chake ndinati polemba dir muziona nthawi. Chokonza chachangu ndi Rebuild, Ctrl ndi F11, yomwe imafufuta zakale zonse n'kuyambiranso. Chokhalitsa ndi kukonza deti ndi kusintha kabatire kaja. Wogwiritsa ntchito make akaona chenjezo loti "Clock skew detected" adziwe kuti ndi nkhani yomweyi. Wotchi yolakwika imalepheretsanso kutsitsa zinthu, poti masamba a https amaoneka ngati ziphaso zawo sizili m'nthawi yake. Rebuild yomweyo imathandizanso makina akazima compile ili pakati, kaya ndi magetsi kaya ndi kutentha. Mu Okutobala kuno laputopu yodzaza fumbi imazima yokha masana, ndipo imatha kusiya fayilo ya .o (chidutswa chomwe compiler imapereka kwa linker) yolembedwa theka, yomwe linker imaikana mawa lake.

Za antivirus ndingonena pang'ono. Compile ikadutsa koma dir osaonetsa exe, kapena exe ikaoneka n'kusowa patapita kamphindi, tsegulani antivirus yanu muone mndandanda wa zomwe yatsekera. Exe yongobadwa kumene, yosadziwika kulikonse, nthawi zina imakayikiridwa. Ikani foda yanu ya code yokha pa mndandanda wa zosayang'anidwa. Musazimitse antivirus yonse, makamaka ngati flashi yanu imalowa m'makompyuta a m'mashopu osindikiza, komwe mafoda amabwerako atasanduka ma shortcut.

Ambiri kuno alibe laputopu n'komwe, amaphunzira pa foni. Mlongo wanga wamng'ono ku Nsanje boma anaika Termux, pulogalamu yolembamo malamulo ngati a Linux, pa foni yake ya Android, n'kulemba pkg install clang, ndipo compiler inalowa bwinobwino. Code ankailemba ndi pulogalamu ina n'kuisunga mu foda ya Download. Tsiku lina ananditumizira chithunzi cha kapulogalamu kake kotchedwa moni.

"Achimwene, compile ikudutsa koma ndikalemba ./moni ikuti Permission denied. Ndapanga chmod +x monga munanenera, palibe chasintha."

"Uli mu foda iti? Lemba pwd unditumizire."

Anali mu Download. Android silola kuyendetsa pulogalamu kuchokera m'malo osungira zinthu omwe mapulogalamu onse amagawana, momwe mumakhala zithunzi, nyimbo ndi zotsitsa, ndipo chmod, lamulo lopatsa fayilo chilolezo choyenda, siigwira m'menemo ngakhale siidandaula. Malo omwe Termux imaloledwa kuyendetsa zinthu ndi foda yakeyake, yomwe imalembedwa ndi kachizindikiro ka ~. Sanafunike kusamutsa code yake. Atalemba termux-setup-storage n'kuvomera chilolezo chomwe foni inapempha, foda ya Download inayamba kupezeka pa ~/storage/downloads, ndipo ndinamuuza kuti code azisiya komweko koma chotuluka azichilozetsa kwawo kwa Termux:

clang ~/storage/downloads/moni.c -o ~/moni

Kenako kulemba ~/moni basi, ndipo inayenda. Wa Linux pa laputopu atha kukumana nazo zomwezi akamagwirira ntchito pa flashi ya FAT32 kapena exFAT, chifukwa mitundu imeneyi siisunga chilolezo choyendetsera fayilo. Akopere pulogalamuyo mu foda yake ya home, apange chmod +x kumeneko. Ikakanabe, file moni imuuza ngati ndi ya 32-bit kapena 64-bit ndiponso ya purosesa yanji, pomwe ldd moni imutchulira ma library omwe akusowa. Ndipo pulogalamu yopangidwa pa foni musaitumize ku laputopu n'kuyembekezera kuti iyenda: mafoni ambiri ali ndi purosesa ya ARM, malaputopu athuwa ndi a x86. Tumizani fayilo ya .c, mukapange compile komweko.